Tsiku Limene Alamu Anagwa Kawiri

Mlonda wa pa kampani yophika buledi atachoka ku mayeso oyendetsa galimoto ulendo wachisanu ndi chimodzi, sanapite kunyumba. Anakhotera ku shedi ya mlongo wa mkazi wake, kalipentala wopanga zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Kalipentalayo anali munthu wabwino mtima, koma mawu ankawamva momwe ankadulira thabwa: pomwe pali mzere, pomwepo.

"Odi kuno!"

"Lowani, alamu," anatero kalipentala osadzutsa mutu, pensulo ili kukhutu. "Samalani misomali. Nanga suti dzuwa lonseli?"

"Ndinali ku mayeso."

"Eee, zoona, achemwali ananena. Zayenda?"

"Galimoto yayenda."

"Ndiye mwakhoza!"

"Sindinatero." Mlonda anakhala pa benchi, navula chipewa, nachiyang'ana m'kati ngati muli yankho. "Ndagwa, alamu."

Kalipentala anaika pulena pansi. "Mwagwa? Pati?"

"Ku mayeso komweko."

"Pa simenti kapena pa dothi?"

"Pa migolo."

"Mayo! Munthu wamkulu ngati inu munakwera pa migolo kukatani? Tapindani buluku ndione maondo."

"Maondo alibe kanthu! Ndikunena kugwa kwinaku. Kugwa kwa mayeso."

"Mayeso agwa?"

"Ine!"

"N'chifukwa chake ndikuti tione maondo."

Mlonda anapuma mpweya wautali. "Alamu, tamverani. Amaika migolo, iwiri uku, iwiri uku. Amati ulowetse galimoto pakati pake chafutambuyo. Ine ndalowetsa."

"Osagunda?"

"Mgolo umodzi unasuntha."

"Wokha?"

"Unaima pamalo polakwika."

"Nanga inzake itatu?"

"Inautsatira."

Kalipentala anakanda m'mutu, utuchi n'kuyoyoka. Kenaka nkhope yake inawala. "Ooo! Ndiye kuti mwalephera!"

"Mawu amenewo musawatchule!" Mlonda anamenya benchi ndi chipewa. "Ine sindilephera. Wolephera ndi amene wasiya. Ine ndagwa chabe, ndipo munthu akagwa amadzuka."

"Koma inu mwakhala."

"Ndadzuka mumtima!"

"Ooo."

"Aseke amene akuseka. Ku ntchito ayamba kale kundiitana kuti Adalaivala. Ndikamadutsa, wina aliza hutala ndi pakamwa. Koma ine sinditaya mtima."

"Musataye, alamu. Ndi umodzi wokha. Impso bola, zili ziwiri."

Mlonda anapisa m'thumba la jekete natulutsa kamphete konyezimira koikamo makiyi. Munalibe kiyi ngakhale mmodzi.

"Mukukaona aka? Ndinagula chaka chatha. Dalaivala wa galimoto ya buledi akupuma pa ntchito pakutha pa mwezi uno. Abwana anati ndikabwera ndi laisensi, makiyi ndi anga. Zaka khumi ndi zinayi, alamu, ndikutsegulira anzanga geti. Atuluka, nditseke. Alowa, nditseke. Mvula, dzuwa, ine ndi geti. Ndikufuna tsiku lina wina anditsegulire ine."

Kalipentala anatembenukira chitseko chatsopano chimene chinatsamira khoma. "Ine nditha kukutsegulirani. Kungoti mahinjesi sindinaike."

"Siyani chitseko!"

"Ndasiya."

"Mayeso ena aliko Lachisanu la sabata ya mawa. Ndi mpata womaliza mwezi usanathe. Ndabwera kuti mundithandize. Mundiyese."

"Aaa, zimenezo zokha? Mukanayamba ndi pomwepo." Kalipentala anasolola tepi m'thumba. "Imirirani. Wongokani. Vulani nsapato."

"Nsapato zalowa bwanji?"

"Zimanamiza. Mutu m'mwamba. Mafiti asanu ndi theka." Analemba pa kachidutswa ka thabwa. "Tambasulani mapewa."

"Kodi mukutani?"

"Mwati ndikuyezeni."

"Mundiyese! Se! Se! Osati ze!"

"Aaa." Kalipentala anayang'ana kathabwa kake mwachisoni. "Koma ndalemba kale. Basi, sizionongeka. Zidzagwira ntchito tsiku lina."

Mlonda anacheukira pakona, pamene panali bokosi la maliro losamaliza, lopanda chivundikiro. "Fufutani."

"Musadandaule, munthu wamkulu satalika. Muyezo ukhalabe womwewu."

"Ndati fufutani!"

Kalipentala anangokatembenuza kathabwako chadodolido.

Mlonda anavala nsapato ali kung'ung'udza, nayamba kukonza bwalo la mayeso. Anatenga zitini zinayi za vanishi, naika ziwiri uku, ziwiri uku. Anakoka kampando kopanda chotsamira, nakhalapo, nagwira chivundikiro cha chidebe ngati chiwongolero.

"Iyi ndi galimoto. Iyo ndi migolo. Inu ndinu woyesa. Muume mtima ngati iwo aja. Musandimvere chisoni ngakhale pang'ono."

"Chabwino." Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu, nalemba. "Mwalephera."

"Sindinayambe n'komwe!"

"Simunamange lamba."

"Lamba ali pati pa mpando wamatabwa?"

"Ndiye kuti galimoto yanu ilibe lamba. Imeneyo ndi nkhani inanso." Analembanso.

"Koma abale!" Mlonda anasolola lamba wa buluku lake, namupachika paphewa mopingasa chifuwa. "Nayu lamba. Mwakhutira?"

"Lizani injini."

"Vuuum."

"Yafooka. Mafuta alimo?"

"Vuuuuum! Vum! Vum!"

"Eya. Lowani pakati pa migolo chafutambuyo. Yambani mwayang'ana pagalasi."

"Galasi ayi."

"Palibe, ndikudziwa. Ingocheukani."

"Ngakhale likanakhalapo. Ine sindiyang'ana m'mbuyo, alamu. Munthu wofuna kupita patsogolo sayang'ana m'mbuyo. Ndinamva pa wailesi, ndipo ndinalemba pa khoma la kanyumba ka pa geti."

"Ngakhale pobwerera m'mbuyo?"

"Makamaka pamenepo! Pamenepo ndi pamene pamaonekera kulimba mtima kwa munthu."

"Ndiye migolo mumaiona bwanji?"

"Ndimaimva."

"Ikalira?"

"Eya."

"Ikalira ndiye kuti mwagunda kale."

Panja panadutsa njinga yolira tcheni.

"Mukuyankhula ngati woyesa uja," anatero mlonda.

"Mwati ndikhale iyeyo."

"Iye uja amandida. Nditangolowa m'galimoto lero anati, 'Bambo, mwabweranso?' Munthu wa chilungamo angafunse choncho?"

"Munali musanabwerenso?"

"Ndinali nditabweranso, koma si nkhani yake! Taonani kuno muphunzire. Kilatchi pansi. Giya ya m'mbuyo. Maso patsogolo, kumene kuli tsogolo."

Anatukula chibwano, nayamba kukankha kampando ndi zidendene. Kanayenda khwee, khwee, pa simenti.

"Alamu, chitini."

"Musandisokoneze."

"Alamu, chitini chili..."

"Woyesa sayankhula!"

Mwendo wa kampando unakola chitini. Kampando kanapendekeka, mwendo n'kuti thyo! Mlonda anapita chagada mu utuchi, miyendo m'mwamba, chiwongolero n'kugubuduka mpaka pakhomo.

"Mayo, msana wanga! Ndagwa!"

Kalipentala anagwedeza mutu modekha, akulemba. "Tsopano ndamva. Kugwa kwa mayeso. Musataye mtima, alamu."

"Ayi! Kugwa kwenikweni!"

"Dzukani mumtima."

"Ndidzutseni ndi manja, munthu inu!"

"Aaa, kuja koyamba kuja? Ndiye muzisiyanitsa."

Kalipentala anali ndi mphamvu za munthu wonyamula matabwa tsiku ndi tsiku. Anamunyamula mlamu wake ngati chitseko, namugoneka chagada pa thabwa lalikulu limene linali pamwamba pa mabenchi awiri.

"Msana umafuna malo owongoka. Musagwedezeke. Manja pachifuwa. Tsekani maso, utuchi wadzaza m'zikope."

Ali kumupukuta kumaso ndi burashi ya vanishi, foni inalira m'thumba la jekete. Kalipentala anaitulutsa.

"Ndi achemwali."

Mkazi wa mlonda anali telala, ndipo shopu yake inali kumapeto kwa msewu womwewo.

"Iii!" Mlonda anatsinzina kwambiri. "Yankhani ndinu. Ine sindingathe. M'mawa anadzuka kundisitira suti iyi. Anandiperekeza mpaka pa msewu, akundichotsa ulusi paphewa. Ndiyamba ndi mawu ati?"

"Ndiwauze kuti mwalephera?"

"Ayi! Mawu amenewo ayi!"

"Ndiwauze kuti mwakhoza?"

"Musaname, amakudziwani. Ingonenani zimene mukuona basi. Koma pang'onopang'ono, musawadzidzimutse. Ine sindiyankhula."

Kalipentala anakhosomola, naika foni kukhutu.

"Ha... lo... a... che... mwa... li."

Mlonda anatsegula diso limodzi.

"Eee... ali... kuno. Ayi... sangayankhule. Agona... pa thabwa. Chagada. Manja... pachifuwa."

"Fotokozani bwino!" ananong'ona mlonda. "Yambirani poyamba!"

"Agwa, achemwali. Kawiri. Koyamba anadzuka mumtima. Kachiwiri ndachita kuwanyamula. Eee. Amabwerera m'mbuyo osayang'ana. Ndinawachenjeza, koma sanamve. Galimoto? Yathyoka mwendo."

"Atontholetseni! Auzeni kuti zonse zili m'malo!"

"Musade nkhawa, achemwali, zonse zili m'malo. Mbali yanga ndachita kale. Ndawayeza. Mafiti asanu ndi theka."

Mu foni munatuluka mfuu imene inamveka mpaka pakhomo. Kenaka chete.

"Ati chiyani?" anafunsa mlonda.

"Sananene mawu. Angoti 'mayooo,' foni n'kuduka. Mwina ndi netiweki."

Mlonda anatsegula maso onse awiri. Anayang'ana manja ake pachifuwa. Anayang'ana thabwa. Anayang'ana bokosi la pakona lija.

"Alamu, mwandipha."

"Ine? Mukupumatu."

"Kalipentala wa mabokosi akauza mkazi wa munthu kuti 'ndawayeza,' mkaziyo aganiza chiyani?"

Kalipentala anaganiza mofatsa. "Kuti ndili ndi tepi."

"Aimbireni! Msanga!"

Anaimba. Foni inalira, inalira, osayankhidwa.

"Ndithandizeni ndidzuke. Ayi, ayi, ayi, siyani! Msana!"

"Ndidzutse kapena ndisiye?"

"Zonse ziwiri!"

"Ndiyambe chiti?"

Asanamvane choyamba, kumsewu kunamveka kulira kukubwera chothamanga. Telala analowa m'shedi tepi yake ili m'khosi, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Ataona mwamuna wake ali thasa pa thabwa, suti ili mbuu ndi utuchi, anagwada n'kumugwira mapazi. Mlonda, posowa chochita, anatsekanso maso.

"Mayo ine! Mwamuna wanga! Mwamuna wanga wolimbikira! Munthu wosadziwa kutopa! Anzanu ali m'tulo inu muli pa geti, anzanu ali pa mthunzi inu muli ku sukulu ya galimoto!"

Kalipentala anawerama pa khutu la mlamu wake. "Alamu, dzukani. Achemwali afika."

"Dikirani kaye," anatero mlonda m'mphepete mwa mlomo. "Zaka makumi awiri za banja sanandiuzepo zimenezi."

"Koma akulira."

"Pang'ono pokha."

Kalipentala anawongoka. "Achemwali, alamu akuti mupitirize pang'ono pokha."

Koma telala sanamve kanthu. Kulira kunali kutamutseka makutu.

"Ndani ngati inu, bambo a ana anga? Sindinakuuzeni, koma ndinkakunyadirani! Anthu akamakusekani ku shopu ndinkawayankha kuti wanga sagonja! Ndinkati tsiku lina mudzandinyamula kutsogolo, pambali panu, ine nditatulutsa chigongono pawindo!"

Msozi umodzi unatsika pa tsaya la mlonda, n'kulambula kanjira mu utuchi.

"Ena akanasiya kalekale! Koma inu ayi! Kasanu ndi kamodzi kupita, kasanu ndi kamodzi kukubwezani chimanjamanja, mpaka lero akupherani pomwepo!"

"Kasanu!"

Maliro anakhala tsonga.

"Kasanu, mayi! Ulendo wachiwiri uja suwerengedwa! Galimoto inazima yokha ndisanatuluke pa geti!"

Telala anakuwa, nabwerera chafutambuyo, nakhala pansi khu pa mulu wa utuchi.

"Agwa," anatero kalipentala. "Kumeneku ndi kugwa kuti, alamu? Ndigwire manja kapena ndilembe?"

Telala anadzuka yekha, pang'onopang'ono. Anayandikira thabwa, natsina mwamuna wake pa mkono.

"Asa! Zikupweteka!"

"Zikupweteka?"

"Eee."

"Mukupuma?"

"Eee, mayi."

"Munkamva zonse zija?"

"Mwa apo ndi apo."

Telala anaigwiritsa nsapato ya m'manja ija. Mawu ake anatsika, n'kukhala ofewa moopsa.

"Ndikufunsani funso limodzi, bambo. Muyankhe bwino. Mwafa kapena mwalephera?"

"Pali njira yachitatu, mayi. Onani, mgolo umodzi unaima..."

"Mwafa kapena mwalephera?"

"Woyesa uja chiyambire..."

"Iwe," telala anatembenukira mlongo wake, "bokosi lija ndi la muyezo wanji?"

"Mafiti asanu ndi limodzi, achemwali. Akwanamo, malo n'kutsala."

"Bambo, ndikufunsa komaliza."

Mlonda anayang'ana kudenga. Anayang'ana zitini zija, chimodzi chitagona chammbali.

"Ndalephera, mayi." Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a munthu wina. "Ndagunda migolo yonse inayi. Sindiyang'ana pagalasi. Woyesa alibe mlandu."

"Ambuye alemekezeke!"

Telala anamukumbatira mwamphamvu mpaka msana unalira kuti gwede. Anali kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kenaka anamumasula, namumenya ndi nsapato paphewa kawiri.

"Iyi ndi ya misozi yanga. Iyi ndi ya diresi la mwini limene ndalisiya pansi pa simbi."

"Simbi mwazimitsa?" anafunsa kalipentala.

"Mnzanga wa pa shopu azimitsa. Koma iwe! Iwe! Pakamwa pakopo ndidzapasoka!"

Kalipentala anaphimba pakamwa ndi dzanja. "Ndi makina kapena ndi manja, achemwali?"

Nsapato inauluka. Kalipentala anawerama, nsapatoyo n'kukagwera m'bokosi muja.

Mlonda anagwedeza mapewa, uku ndi uku. "Mayi, mwandiwongola. Msana wasiya."

"Zili bwino, chifukwa muli ndi ntchito. Mawa ndibweretsa galasi la ku shopu, lija amadziyang'anirapo makasitomala. Iwe ulikhomere pa kampandoko, ukakonzenso mwendo. Bambo, tsiku lililonse mukaweruka muzibwera pano, muzilowa pakati pa zitinizi mpaka khosi lizolowere kucheuka."

"Koma pa wailesi anati..."

"Wa pa wailesiyo ali ndi laisensi?"

Mlonda anatulutsa kamphete ka makiyi kaja, nakazunguza pa chala. Atayankhulanso, makani onse anali atamuthera.

"Nanga Lachisanu zikakanikanso? Mwezi utha. Makiyi apatsa wina. Ndidzamutsegulira geti ineyo."

Telala anakhala pambali pake pa thabwa, nayamba kumusasa utuchi pa kolala.

"Apatse. Magalimoto sanathe m'dziko muno. Pothamanga paja, bambo, sindinaganize za laisensi ngakhale kamodzi. Lepherani ngakhale kakhumi, bola muzibwera kunyumba ndi miyendo yanu."

Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu. Anajambula timizere khumi pa khoma, nayamba kudula kamodzikamodzi, milomo ikuyenda.

"Kakhumi, kuchotsapo kasanu ndi kamodzi. Maulendo atsala anayi, alamu."

"Asanu!" anakuwa mlonda, akutsika pa thabwa buluku ataligwira ndi dzanja limodzi. "Mayi andipatsa ufulu wolephera kakhumi, inu mukufuna kundibera ulendo umodzi?"